Fulashi Imodzi, Makompyuta Awiri

Pa kafukufuku wanga wa kamvekedwe ka mawu m'Chichewa ndinajambula agogo anga akutchula mawu monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika. Mawuwa amalembedwa mofanana koma amasiyana pokweza liwu. Zojambulazo ndinazisunga pa fulashi. Laputopu yanga imayendera Ubuntu, pomwe Toolbox, pulogalamu ya SIL yosungira mawu ndi matanthauzo ake, inapangidwira Windows. Choncho ndinaika VirtualBox, yomwe imalola kompyuta yongoyerekeza kugwira ntchito m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Akatswiri amatcha yeniyeniyo host, ndiye kuti mwininyumba, ndipo yongoyerekezayo amati guest, mlendo.

Vuto linabuka nditalowetsa fulashi. Ubuntu inaiona, koma Windows ayi.

Chifukwa chake n'chakuti chipangizo cha USB sichitumikira awiriwa nthawi imodzi. Mwininyumba ndi amene amayamba kuchigwira, ndipo mlendo akachitenga, kwa mwininyumba chimasowa. Apa m'pofunika kusamala kwambiri. Mukapereka fulashi kwa mlendo mwininyumba asanamalize kulembapo, mafayilo angathe kuonongeka. Ine ndinataya fayilo imodzi motere, ndipo agogo ali kumudzi, kutali. Fulashi iyenera kutulutsidwa kaye mwadongosolo mu Ubuntu, kenako n'kuisankha pa mndandanda wa USB wa VirtualBox.

Mndandandawo ukapezeka wopanda kanthu, kawirikawiri vuto ndi chilolezo. Pa Linux, dzina lomwe mumalowera pa kompyuta liyenera kukhala m'gulu la vboxusers, ndipo mukaliika mumayenera kutuluka n'kulowanso. Ine ndinaiwala kutulukako, madzulo onse anathera pomwepo. Onaninso mtundu wa USB umene mlendo wapatsidwa, chifukwa Windows yakale monga XP siidziwa USB 3.0. Kale USB 2.0 ndi 3.0 zinkafuna Extension Pack, koma kuyambira VirtualBox 7.0 ya mu 2022 zimabwera ndi pulogalamuyo.

Palinso USB filter, yomwe imapereka chipangizo kwa mlendo chikangolowetsedwa. Mukaisiya yosalembamo manambala ozindikiritsa chipangizocho, imatenga chilichonse, ngakhale mausi.

Masiku ano fulashi sindiiperekanso kwa mlendo. Ndimakopera mafayilo mu foda ya Ubuntu imene Windows imaionanso kudzera pa shared folder, ndipo kamvekedwe ka mawu a agogo ndimakayeza ndi Praat, yomwe imagwira ntchito pa Ubuntu pomwepo.