Achikulire ndi Ulendo Wapansi pa Njira ya Appalachian

M'Chichewa tilibe dzina lokhazikika la nyengo imene Angerezi amaitcha spring, pakuti ife timadziwa dzinja, masika ndi chilimwe. M'nkhani ino tiziitcha nyengo ya mphukira, chifukwa ndi pamene chisanu chimatha, mitengo n'kuyamba kuphuka. Kum'mawa kwa dziko la United States nyengoyi imayamba m'Malichi n'kutha m'Meyi, ndipo anthu ambiri amasenza zikwama kumsana n'kunyamuka pa phiri la Springer ku Georgia, kulowera kumpoto ku phiri la Katahdin ku Maine. Njira imene amatsata, ya Appalachian, inatha kulambulidwa m'chaka cha 1937. Ndi yotalika pafupifupi makilomita 3,500 ndipo imadutsa m'zigawo 14. Ena mwa oyendawa ndi anthu opuma pantchito.

Chimene chimapanikiza munthu wachikulire paulendowu ndi kalendala. Oyang'anira nkhalango ya Baxter, mmene muli phiri la Katahdin, amalangiza kuti oyenda akhale atafika pofika pa 15 Okutobala, chifukwa kenako kumazizira moopsa. Wonyamuka pa 1 Epulo ali ndi masiku osakwana 200, kutanthauza makilomita 18 tsiku lililonse popanda kupuma. Koma thupi la zaka 65 limafuna kupuma. Minofu imachedwa kuchira, mawondo amadandaula makamaka potsika phiri, ndiponso ludzu silimveka msanga ngati paunyamata, moti munthu akhoza kuuma m'thupi asakudziwa. Akamapuma tsiku limodzi pa sabata, masiku otsalawo ayenera kuyenda makilomita oposa 20.

Mwina wina anganene kuti angolawirira, anyamuke m'Febuluwale. Apa mpamene nyengo ya mphukira imanyenga. Kuzigwa kumakhala maluwa, koma m'mapiri a Great Smoky, kumene njirayi imakwera kupitirira mamita 2,000, chipale chofewa chimagwa ngakhale m'Epulo. Wolawirira ayenera kusenza zofunda zochindikala ndi zovala zambiri, ndipo katundu akalemera mawondo omwe aja ndiwo amalipira. N'chifukwa chake oyenda ozolowera amalangiza kuti chikwama chisapose gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa mwini wake. Chakudya amanyamula cha masiku ochepa chabe, china n'kukagula m'matauni apafupi kapena kudzitumizira papositi.

Pankhani ya katundu wopepuka, palibe angapose agogo a Emma Gatewood a ku Ohio, mayi wa ana 11. M'chaka cha 1954 anayesa kuyambira ku Maine koma anasochera, magalasi awo n'kusweka, ndipo anabwerera kwawo. Mu Meyi 1955, ali ndi zaka 67, anayambira ku Georgia atavala nsapato za tenesi, paphewa pali thumba losoka okha. Analibe tenti: anali ndi bulangeti ndi pulasitiki yotchingira m'bafa. Anatha ulendowu m'masiku 146, nakhala mayi woyamba kuyenda njira yonse yekha m'nyengo imodzi. Anabwerezanso mu 1957. Ine ndikuona kuti nkhani yawo imakambidwa mokometsera kwambiri, ngati kuti kukonzekera n'kosafunika, pamene mayiwa anali atakhwima ndi ntchito yakumunda moyo wawo wonse.

Achikulire ena anapeza nzeru yozembera kalendala ija. M'malo moyenda mzere umodzi kuchokera kumwera mpaka kumpoto, amadula njira m'zidutswa. Munthu akhoza kuyambira pakati, pa tauni ya Harpers Ferry ku West Virginia, kumapeto kwa Epulo kukamafunda, n'kukwera Katahdin nthawi ikadalipo, kenako n'kubwerera kudzamaliza chigawo chakumwera. Bungwe losamalira njirayi, la Appalachian Trail Conservancy, limavomereza ulendo wotere malinga munthu atatha njira yonse m'miyezi 12. A Dale Sanders anamalizira ku Harpers Ferry komweko mu Okutobala 2017 ali ndi zaka 82. A M. J. Eberhart nawonso anayenda mosinthasintha zigawo, ndipo anakamalizira m'tauni ya Dalton ku Massachusetts mu Novembala 2021, ali ndi zaka 83.