Choikapo kandulo cha Angerezi ndi mbawa yathu: mafunso ndi mayankho

Magetsi a ESCOM akathima ku Kawale kapena ku Chinsapo, kandulo amaimikidwa pa sosala, pakamwa pa botolo, pena pamkono wa mpando. Angerezi a zaka za m'ma 1700 analinso ndi funso lomweli la poika kandulo, ndipo analiyankha ndi thabwa.

Kodi choikapo kandulocho chinali chotani?

Chinali kamtengo kosemedwa, kotalika kupitirira mita imodzi, kokhala ndi kathebulo kozungulira pamwamba ndi miyendo itatu pansi. Kutalikako kunali koti kuwala kufike chipinda chonse. Miyendo itatu sigwedera ngakhale pansi pakhale pokumbika, monga mafuwa sagwedeza mphika. Amisiri ankasema masamba, mizere ndi zikhadabo za nyama pa miyendo. Thomas Chippendale, mmisiri wa ku London, anajambula mitundu ingapo ya zoikapo zotere m'buku lake la 1754, ndipo ambiri anatengera pamenepo.

N'chifukwa chiyani kandulo ankapatsidwa ulemu wotere?

Anali wodula. Boma la Britain linkadula msonkho pa makandulo kuyambira 1709 mpaka 1831. Osauka ankayatsa a mafuta a ng'ombe ndi nkhosa, onunkha ndi ofuka utsi. A phula la njuchi anali a olemera.

Nanga mahogany, thabwa lomwe ankasemera zoikapozi, ankachokera kuti?

Sankamera ku England. Boma litachotsa msonkho pa matabwa ochokera m'maiko a atsamunda ku America mu 1721, zombo zinayamba kututa mitengoyi ku Jamaica, kenako ku dera lomwe lero ndi Belize. Odula ndi okoka zipika zake ambiri anali akapolo ochokera ku Africa, ndipo wosirira kukongola kwa zoikapozi ayenera kuidziwa mbiri imeneyi. Amisiri analikonda thabwali chifukwa silipindika msanga, limalola tchizulo kusema tinthu tating'ono, ndipo likapukutidwa limafiira mowala.

Kodi kuno mtengo wotere ulipo?

Ulipo, ndi mbawa. Ndi wa banja limodzi ndi wa ku Jamaica uja, ndipo dzina lake la sayansi, Khaya nyasica, likutchula dziko la Nyasa. Umakonda m'mbali mwa mitsinje, komanso unadzalidwa m'misewu ya m'mizinda yathu. Koma waukulu ukusowa. Mu 2022, pamsonkhano wa CITES ku Panama, mitengo ya Khaya ya mu Africa inaikidwa m'gulu la yofunika chilolezo pogulitsa kunja. Akalipentala a ku Mchesi ndi ku Biwi nthawi zambiri amapala paini ndi bulugamu, mbawa n'kukhala ya kasitomala wa thumba lolemera.

Amisiri athu angathe kusema chotere?

Mosakayika. Osema ziboliboli amene amagulitsa pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town amatulutsa miyendo itatu yolukana kuchokera m'chipika chimodzi, popanda msomali kapena guluu. Ku Mua, malo a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 aphunzitsa osema ambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti lusoli limathera kwa alendo, pamene m'nyumba za ku Mgona ndi Area 25 kandulo akugwerabe pa katani ndi pa matiresi, nthawi zina ana ali mtulo. Choikapo cha m'nyumba zathu sichilira mbawa yathunthu. Zidutswa zotsala pokhoma chitseko n'zokwanira, bola tsinde likhale lolemera ndipo pamwamba pakhomedwe kambale kachitsulo kolandira phula ndi moto kandulo akamatha.