Makina a Gitala Akalira Ngati Njuci

Makina akale okuza mau a gitala, aja a mavalavu agalasi, nthawi zina amalira ngati njuci, nyimbo n'kuipa. Phokosoli licokera ku magetsi a m'nyumba, amene asinthasintha kokwana 50 pa sekondi imodzi.

Woimba ayambe wazula cingwe ca gitala. Phokoso likaleka, colakwa ciri m'cingweco kapena m'gitala. Likapitirira, kawiri-kawiri mlandu uli ndi makondensa, tizitini tosalaza magetsi, amene amauma akakalamba. Pafunika atsopano.

Koma apa mpamene pagona imfa. Makondensawo akhoza kusunga mavolti 400 ngakhale makina atazimidwa. Cifukwa cace mwini asatsegule yekha ai. Apite nao kwa mmisiri, amene adzaonanso ngati waya wopita m'nthaka ulipo.