Mwana akabwera ndi nanzikambe pakhomo

Mvula ikangoyamba kugwa, nanzikambe amaonekera paliponse: m'mipanda, m'mitengo ya mango, ngakhale pakati pa msewu akuoloka mosathamanga ngati kuti galimoto kulibe. Akuluakulu ambiri akamuona amalambalala. Koma ana ena a sukulu alibe naye mantha. Amamunyamula pa kamtengo nkukamutsekera m'katoni kapena m'chigubu chodula kuti aziona m'mene amasinthira maonekedwe. Omvera athu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi ku Zóbuè, pamodzi ndi abale a tsidya lina la malire ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, mafunso amene mumakhala nawo ndi awiri: kodi kanyamaka kali ndi ululu? Nanga kangawetedwe?

Ululu alibe. Komabe alipo matenda amene mwana angatenge kwa iye, ndipo pa awiriwa, mwana ndi nanzikambe, amene amafulumira kufa ndi nanzikambeyo.

Za ululu

Tonse tinakula tikumva kuti Chauta anatuma nanzikambe, amene ena amamutcha birimankhwe, kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso. Iye anachedwa m'njira ndipo buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa. Mkwiyo umenewu sunathe, mpaka ena amamuthira fodya wa m'mphuno m'kamwa kuti afe. Nthano ndi yokoma kumvera madzulo, koma si ya chipatala. Padziko lonse pali mitundu ya abirimankhwe yoposa 200 ndipo palibe ngakhale umodzi umene uli ndi ululu, kaya m'mano, m'malovu kapena pakhungu.

Mukamuona akudzifufumitsa, kuda bii, kuyasamula ndi kuchita tsiii, dziwani kuti wachita mantha. Akhoza kuluma ndithu, ndipo wamkulu amatulutsa timagazi. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri. Musateme mphini, musamange chingwe ngati kuti yaluma ndi njoka. Bala likatupa kapena kuchita mafinya, pitani ku Centro de Saúde monga m'mene mungachitire ndi bala lina lililonse.

Choopsa chili m'zitosi

Nyama zokwawa monga abuluzi, akamba, njoka ndi abirimankhwe kawirikawiri zimakhala ndi tizilombo totchedwa Salmonella m'matumbo mwawo. Izo sizidwala nato, koma tizilomboto timatuluka ndi zitosi nkumatirira pakhungu, pa kamtengo ndi m'katoni muja. Mwana amagwira nanzikambe, kenaka nkugwira mango kapena chimanga chootcha osasamba m'manja. Matenda alowa pomwepo.

Zizindikiro zimayamba pakati pa maola 6 ndi masiku 6: kutsekula m'mimba, kutentha thupi, kupotokola m'mimba, nthawi zina kusanza. Munthu wamkulu wathanzi amachira pa masiku 4 mpaka 7. Koma kwa mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera, agogo okalamba ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, monga amene ali ndi HIV, tizilomboti tikhoza kulowa m'magazi. Ku United States boma linaletsa kugulitsa timakamba ting'onoting'ono m'chaka cha 1975 chifukwa cha ana ambiri amene amadwala matenda omwewa atasewera nato.

Tsono anthu amene tatchulawa asamugwire n'komwe. Wina aliyense wamugwira asambe m'manja ndi sopo. Nanzikambe asasungidwe kukhitchini kapena pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa, ndipo chigubu chake chisatsukidwire pathandala la mbale. Mwana akayamba kutsekula, mupatseni madzi a mchere ndi shuga a m'paketi, aja timati SRO kuno ndipo ku Malawi amati Thanzi, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino. Apitirize kuyamwa ndi kudya. Mukaona magazi m'chimbudzi, maso alowa m'kati, kapena mwana akukana kumwa, musadikire kuti kuche. Ndipo mukafika kuchipatala nenani kuti mwanayo amasewera ndi nanzikambe, musachite manyazi.

Chimene chimamupha akawetedwa

Galu ndi mphaka anazolowera kukhala ndi anthu. Nanzikambe ayi. Ngakhale azungu amene amamuweta m'nyumba zawo ndi nyale zapadera ndi madokotala a zinyama amavomereza kuti ndi mmodzi mwa nyama zovuta kusunga. Wamkulu uja timati kalilombe, amene amatha kufika masentimita 60, amapezeka ku Malawi, kumpoto kwa Mozambique ndi ku Tanzania. M'mabuku amatchulidwa ndi dzina la Charles Meller, dokotala amene anali pa ulendo wa David Livingstone wa mumtsinje wa Zambezi. Oweta a kunja anamupatsa dzina lonyoza lakuti nanzikambe wa masiku 90, chifukwa ogwidwa kutchire ambiri amafa miyezi itatu isanathe.

Choyamba ndi ludzu. Nanzikambe samwa madzi a m'mbale. Kutchire amanyambita mame ndi madontho a mvula pamasamba. Mwana amamuikira madzi m'chitsekero cha botolo nkumati wamusamala, pamene mnzakeyo akuuma kukhosi madzi ali pambali. Ayenera kuwaziridwa madzi pamasamba m'mawa ndi madzulo mpaka azidontha. Maso ake otukumuka aja akayamba kulowa m'kati, ndiye kuti ludzu lafika poipa. Zitosi zake nazo zimanena: zimakhala ndi mbali yakuda ndi mbali yoyera, ndipo yoyerayo ikasanduka yachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi.

Chachiwiri, chomwe ambiri sachidziwa, ndi dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kukagunda khungu lake, thupi limapanga vitamini D, ndipo vitamini ameneyu ndiye amathandiza kuti kashiamu wa m'chakudya alowe m'mafupa. Nanzikambe wotsekeredwa m'nyumba mafupa ake amafewa pang'onopang'ono. Miyendo imapindika, chibwano chimakhala ngati mphira, amalephera kugwira nthambi nkumagwa, ndipo lilime lake, lomwe limatalika kuposa thupi lake, limayamba kuphonya ntchentche. Ndi matenda ofanana ndi aja opinda miyendo ya ana osowa vitamini D. Mafupa akapindika saongokanso. Dzuwa lodutsa pagalasi la zenera silithandiza, chifukwa galasi limatchinga kuwala kofunikako.

Koma apa pali msampha, makamaka kwa ife a mumzinda wa Tete, Moatize ndi Changara, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Nanzikambe satuluka thukuta. Akatentheredwa kutchire amangotsikira mumthunzi. M'chigubu choikidwa padzuwa alibe kothawira, ndipo amafa nsima isanapse. Akayera mbuu ndi kuyasamula osatseka pakamwa masana, watentheredwa. Amafunika dzuwa la m'mawa, pa chitsamba cha masamba ambiri choti adzisankhire yekha pokhala. Ku mapiri a Ulónguè ndi Tsangano vuto limatembenuka mu Juni ndi Julayi: kuzizira kumamufooketsa ndipo amasiya kudya.

Nsima, mpunga kapena buledi sadya. Amadya zamoyo zoyenda: ziwala, ntchentche, agulugufe ndi nkhululu zing'onozing'ono. Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza minda yathu. Ziwala zogwidwa m'munda wa thonje, wa fodya, kapena wa chimanga chopoperedwa mankhwala a mbozi, zimamupha. Chimodzimodzi mphemvu za m'nyumba yopoperedwa mankhwala a udzudzu. Chiwala cha mawangamawanga chonunkha chija, nunkhadala, musamupatse. Ndipo mwana amene akusaka ziwala m'munda wongopopera kumene naye akudziika pangozi.

Nanzikambe amakhala yekha. Awiri akaikidwa malo amodzi, wofookayo amada, amabisala pansi ndi kusiya kudya. Kumugwiragwira ndi kumuzungulira gulu la ana kumamudwalitsanso chimodzimodzi. Musamuzule pa nthambi mokakamiza, zala zake zimathyoka. Wofooka motere amayamba zilonda za m'kamwa: nkhama zimatupa, mumatuluka mafinya olimba achikasu. Ena amatuluka thovu m'mphuno ndi kupuma movutika. Wathanzi satseka maso masana, choncho mukamuona akugona dzuwa lili pamutu, wadwala kale. Mankhwala ake m'midzi mwathu mulibe, ndipo kumusinjira Panado kapena makapisozi a anthu ndi kungomufulumizitsa imfa.

Palinso za wamkazi. Timamva kuti kalilombe akafuna kubereka amadzigwetsa mumtengo nkuphulika. Zoona zake nzakuti amaikira mazira. Wamba uja wa m'minda mwathu amatsika pansi chakumapeto kwa dzinja, kukumba dzenje, kuikira mazira 20 kapena kuposerapo nkukwirira, ndipo ana amaswa patapita miyezi 9 kufika 12. Wamkazi wonenepa mimba amene mwamupeza akuyenda pansi mu Marichi kapena Epulo akufuna pokumba. Mukamutsekera m'katoni mazira amamuolera m'mimba. Mwapha mayi ndi ana ake onse, amene akanadya ziwala ndi ntchentche za pakhomo panu chaka chamawa.

Akabwera ogula

Kunja kuli msika wa abirimankhwe, ndipo midzi ya m'malire ndi imene ozembetsa katundu amaikonda. Mozambique, Malawi ndi Zambia onse anasaina pangano la CITES, lomwe limati nyamazi zisatuluke m'dziko popanda chilolezo cha boma. Pamsonkhano wa ku Johannesburg m'chaka cha 2016 anaonjezeramonso timabirimankhwe ting'onoting'ono ta m'nkhalango za m'mapiri. Kuno kwathu lamulo loteteza zachilengedwe la 2014, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limalanga wogwira ndi wozembetsa nyama zotetezedwa. Mlendo akalonjeza mwana wanu timakobiri kuti amusakire, wotsala ndi mlandu ndinu.

Mitundu ina ilibe kwina kulikonse padziko. Umodzi umapezeka m'phiri la Mulanje mokha, wina m'phiri la Mabu ku Zambézia, umene akatswiri anaulemba koyamba mu 2010. Gulu la mitundu iwiriyi analitcha Nadzikambia, kuchokera ku dzina lathu lomweli la Chinyanja. Ku Malawi Hills kufupi ndi Nsanje kuli kena kotalika ngati chala, kamene anthu amaopa kuti kanatha, mpaka ofufuza anakapezanso mu 2016 m'timagawo ta nkhalango totsala.

Ngati mwana wabwera naye kale, musamumenye mwanayo ndipo musaphe nanzikambeyo. Muwazireni madzi pamasamba kuti amwe, kenaka mufunse mwanayo pamene anamupeza. Mutengeni pa kamtengo m'mawa kusanatenthe, mukamusiye pa chitsamba cha pamalo omwewo, kutali ndi msewu, nkhuku ndi munda wopopera. Katoni ija muiotche, chigubucho musasungiremonso madzi, ndipo nonse awiri musambe m'manja ndi sopo musanagwire chakudya.