Magalasi kapena Khwekhwerere? Mkangano wosatha wa opalasa njinga

Loweruka m'mamawa, mzinda wa Blantyre usanadzuke bwinobwino, pamisewu pamaoneka timagulu ta anthu ovala zipewa zolimba ndi makabudula othina, atawerama panjinga zamatayala owonda. Amenewa si akatswiri olipidwa ayi. Lolemba mukawapeza m'maofesi, m'makalasi ndi m'magalaja. Amapalasa chifukwa chokonda, ena chifukwa dokotala adawachenjeza za mimba yomwe idayamba kutsogola. Akamaliza ulendo n'kukhala pansi kumwa tiyi, pali nkhani imodzi yomwe sichedwa kubuka: chopweteka kwambiri n'chiti, chitunda chachifupi koma choimirira cha m'tauni, kapena msewu wautali wokwera phiri?

Mbali ziwirizi sizigonjerana. Wokhala ku Chirimba kapena ku Machinjiri, yemwe amakumana ndi chitunda cha Magalasi nthawi zonse akamachokera njira ya ku Chileka, amaumirira kuti amene sadamvepo ntchafu zikuyaka moto pamenepo, maminibasi akumupumira m'khosi, sakudziwa chikweza. Mnzake yemwe adakwerapo phiri la Zomba amangomwetulira, n'kumufunsa kuti ululu wakewo umatha mphindi zingati. Wa ku Lilongwe, komwe misewu yambiri imangoti kwere pang'ono tsike pang'ono, nthawi zambiri amangomvetsera, kufikira tsiku lomwe adzatengedwe kupita ku Golomoti kukakwera msewu wa Khwekhwerere.

Mkanganowu suli kuno kokha. Ku England opalasa a ku London amadzitama ndi Box Hill, kachitunda ka makilomita 2.5 komwe amuna opikisana pa Olympics ya 2012 adakakwera maulendo 9. Ambiri mwa opalasa a ku Londonwo akawoloka kupita ku mapiri a Alps ku France amakabwerako atafatsa. Ku Cape Town, komwe kuli Amalawi ambiri, chomwe anthu amachiopa pa mpikisano wa makilomita 109 wa Cape Town Cycle Tour ndi Suikerbossie, chitunda chosatalika kwenikweni koma chomwe chimabwera kumapeto, miyendo itatha kale.

Kuti anthu amvane, pamafunika muyeso. Kuimirira kwa msewu amakuwerengera m'maperesenti: 8 peresenti ndiye kuti pa mamita 100 aliwonse omwe mwayenda mwakwera mamita 8. Pa 3 peresenti munthu amapalasa akucheza. Pa 8 macheza amatha. Kupitirira 15, tayala lakutsogolo limayamba kudzuka lokha ndipo wopalasa amayamba kuyenda mozembazemba, uku ndi uko, kuti achepetse chikweza. Pulogalamu ya Strava, yomwe idayamba mu 2009 ndipo opalasa ambiri amajambulira maulendo awo pafoni, imachulukitsa kutalika kwa chikweza m'mamita ndi maperesenti ake. Zikakwana 8,000, chitundacho chimalowa gulu lachinayi, lomwe ndi lotsikitsitsa. 16,000 ndi lachitatu, 32,000 lachiwiri, 64,000 loyamba, ndipo kuyambira 80,000 ndi gulu la zoopsa lomwe amalitcha HC. Mukaunika bwino masamuwa, mupeza kuti akungowerenga mamita omwe mwakwera: 80 a gulu lachinayi, 800 a gulu la HC.

Apa mpamene muyesowu umakhumudwitsa anthu a zitunda zazifupi, ndipo ali ndi mfundo. Ku Belgium kuli Koppenberg, kamsewu ka miyala yoyala kotalika mamita 600 okha, komwe pena kamaimirira mpaka 22 peresenti. Pa masamu a Strava sikafika ngakhale gulu lachinayi. Koma pa mpikisano wa Tour of Flanders wa 2024, mvula itanyowetsa miyalayo, akatswiri ambiri olipidwa adatsika n'kumakankha njinga, nsapato zikutererera, pamene Mathieu van der Poel adakwera osaponda pansi n'kukapambana. Ku Lake District kumpoto kwa England, Hardknott Pass imafika 30 peresenti. Pamalo otere palibe nzeru yomwe ingakupulumutseni. Mphamvu muli nazo kapena mulibe, ndipo yankho limadziwika pasanathe mphindi zisanu.

Phiri limafunsa funso lina. Alpe d'Huez, msewu wotchuka kwambiri pa Tour de France, umayambira pafupi ndi tauni ya Le Bourg-d'Oisans n'kukwera makilomita 13.8 pa 8.1 peresenti, kudzera m'makona 21 omwe adalembedwa manambala kuyambira 21 pansi mpaka 1 kumtunda. Mpikisanowu udafikako koyamba mu 1952 ndipo Fausto Coppi ndiye adapambana. M'zaka za m'ma 1990 Marco Pantani adakwera msewuwu m'mphindi zosakwana 38, ngakhale kuti nthawi za m'zaka zimenezo anthu amazikayikira chifukwa cha mankhwala oletsedwa omwe adali ponseponse. Munthu wamba wolimbikira amatenga ola limodzi ndi kanthu, ena maola awiri. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa omwe amabwerera m'mbuyo ku Alpe d'Huez amakhala atakwerapo zitunda zoimirira kuposa 8 peresenti kwawo. Chowagonjetsa si kuimirira. N'chakuti msewuwo sulekeza.

Chifukwa chake chili m'thupi. Pa chitunda cha mphindi zitatu kapena zinayi, minofu imatha kugwira ntchito yoposa mpweya womwe mapapo akupereka. Munthu amaimirira pamapedulo, amakoka mahandulo, mtima umagunda mpaka m'makutu, n'kufika pamwamba ali wefuwefu. Ngongole ya mpweyayo amaibweza potsetsereka. Paphiri palibe mtsetse wobwezera. Mukapyola malire anu m'mphindi zisanu zoyamba, mudzalipira kwa ola lonse lotsalalo. N'chifukwa chake wopalasa wozolowera zitunda za m'tauni amaoneka msanga akafika patsinde pa phiri: amathawa anzake pakona yoyamba, ndipo amakamupeza pakona yachisanu atakhala pamwala, mutu uli pakati pa mawondo. Fulumira adadya gaga.

Masamu ake ngosavuta. Munthu wa makilogalamu 70 panjinga ya makilogalamu 10, ngati akutulutsa mphamvu ya mawati 200 mosalekeza, amafunika nthawi yoposa ola kuti akwere mamita 1,000. Makilogalamu asanu owonjezera pamimba amawonjezera mphindi zinayi kapena kuposa. Pamsewu wosalala munthu wojintcha amatha kusiya owonda m'mbuyo, ndipo ngakhale pa kachitunda kakafupi mphamvu zake zimamuwombola. Paphiri thupi lake lomwelo limasanduka katundu.

Ndiye kodi ife tili ndi mapiri otere? Ambiri amaganiza za Mulanje, koma ku Sapitwa, pa mamita 3,002, kulibe msewu wa njinga. Zikweza zathu zenizeni zili m'mphepete mwa chigwa chachikulu momwe muli nyanja ndi mtsinje wa Shire. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene tauni ya Dedza ili cha pa 1,600. Msewu wa Khwekhwerere, wochokera ku Golomoti kukatulukira pa M1 kwa Masasa, umakwera mbali yaikulu ya kusiyana kumeneku, ukuzungulirazungulira m'mbali mwa phiri. Kumwera, boma la Chikwawa lili cha pa mamita 100 pamene Blantyre ali pamwamba pa 1,000, ndipo yemwe wawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa amadziwa kuti kucheza kwatha. Kumpoto kuli chikweza cha Chiweta, komanso msewu wa Gorodi wochokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, wa makilomita pafupifupi 15 ndi makona 20. Kona imodzi yokha ndiyo ikuperewera kuti ufanane ndi Alpe d'Huez, kungoti miyala yake simalola njinga yamatayala owonda.

Kwa ambiri, sukulu yoyamba ndi Zomba. Kuchokera m'tauni, kudutsa nyumba zakale za boma, mpaka ku Ku Chawe ndi makilomita pafupifupi 10, ndipo mumakwera mamita oposa 500, zomwe pa masamu a Strava ndi gulu lachiwiri. Poyambira pamanamiza. Mitengo imapereka mthunzi, miyendo ikadali yatsopano, giya yopepuka mukadaisunga. Kenako chala chimakankha chosinthira n'kupeza kuti magiya atha, tcheni chili kale pa dzino lalikulu lakumbuyo. Thukuta limadontha kuchokera pachibwano kugwera pafelemu. Msana umayamba kudandaula kusiyana ndi miyendo, chifukwa mwakhala chowerama mosasintha kwa theka la ola. Mukakhota kona mumayembekeza kuona posalala, koma mumangoona msewu ukupitirira kukwera, mbali ina kuli phompho ndipo kutali uko nyanja ya Chilwa ikunyezimira, inu osakhala ndi mpata woiyang'ana. Anyani okhala m'mbali mwa msewu sasuntha n'komwe, poti liwiro lanu silikuwaopsa. Pamwamba anyamata ogulitsa mabulosi ndi masitiroberi amakuthamangirani, ndipo pamenepo palibe wopalasa amene amanenerera mtengo.

Pa nkhani ya magiya m'pamene kunyada kumapweteketsa anthu. Njinga zambiri za kaunjika zomwe zimafika kuno zidapangidwira mipikisano ya pamalo osalala, ndi mano 39 kutsogolo ndi 23 kapena 25 kumbuyo. Pa Magalasi munthu amatha kulimbana nazo mokukuta mano. Paphiri la ola lathunthu, miyendo imazungulira maulendo 45 kapena 50 pamphindi m'malo mwa 80, mawondo n'kuyamba kulira. Mano 34 kutsogolo ndi 32 kumbuyo ndiwo amene opalasa wamba ambiri amapita nawo ku Alps masiku ano, ndipo palibe amawaseka. Kuno kukadali anthu omwe amati giya yopepuka ndi ya amantha. Amenewo ndi omwe mumawapeza akukankha.

Palinso njala ndi nyengo, zomwe pa chitunda cha m'tauni sizikhala ndi nthawi yoti zikupezeni. Shuga yemwe thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha pakadutsa pafupifupi ola limodzi ndi theka munthu akugwira ntchito yolimba. Akatha, miyendo imangoti zii, maso amachita chidima, ndipo ngakhale kamtunda kakang'ono kamaoneka ngati khoma. Ozindikira amadya nthochi kapena mbatata yophika asanamve njala, n'kumamwa madzi pang'onopang'ono njira yonse. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse, choncho pa chikweza cha Galibier ku Alps, pa mamita 2,642, munthu amatha kunjenjemera pakati pa chilimwe, kwinaku mpweya utapepuka. Kwathu vuto limatembenuka. Mu Okutobala ndi Novembala ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pokwera pa liwiro la makilomita 9 pa ola palibe kamphepo kokuziziritsani. Dzuwa lotere si loseweretsa. Pa 13 Julaye 1967, katswiri wa ku Britain Tom Simpson adagwa n'kumwalira pafupi ndi nsonga ya phiri la Mont Ventoux ku France, kutentha, kutopa ndi mankhwala zitaphatikizana.

Tisaiwale kuti m'misewu yomweyi muli anthu omwe mkanganowu ungawaseketse. Wogulitsa makala amene amakweza matumba atatu panjinga ya giya imodzi, kapena wakabaza wonyamula mayi ndi thumba la chimanga, amadziwa chikweza chilichonse cha m'dera lake kuposa foni iliyonse. Iye sawerenga maperesenti, ndipo kutsika n'kukankha si manyazi kwa iye. Ndi gawo la ntchito. Amadziwanso chomwe opalasa a Loweruka amaphunzira mochedwa, kuti potsika ndiye poopsa. Kugwira mabuleki mosalekeza kwa makilomita angapo kumatenthetsa malimu mpaka chubu kuphulika, ndipo pa Khwekhwerere kuseri kwa kona kumatha kukhala mbuzi, mchenga kapena lole yomwe yadya mbali yanu.

Ine ndili kumbali ya phiri pa mkanganowu. Chitunda chachifupi chimayesa chinthu chimodzi, ndipo mukalakwitsa mumadzayesanso mawa. Phiri limayesa kudziletsa, kudya, magiya ndi mutu nthawi imodzi. N'chifukwa chake kukwera kachitunda ka mamita 50 maulendo 20 sikufanana ndi kukwera mamita 1,000 kamodzi, ngakhale foni iwonetse nambala yofanana: pakati pake mwapuma maulendo 19.

Komabe a zitunda zazifupi adapeza umboni wawo chaka cha 2025, ndipo udachokera kufupi. Mu Seputembala mpikisano wa dziko lonse wa njinga zapamsewu udachitikira mu Africa koyamba, mumzinda wa Kigali ku Rwanda. Mpikisano wa amuna udali wa makilomita 267.5 ndipo okwera adakwera mamita oposa 5,400, koma mudalibe phiri lalitali ngati a ku Alps. Chikweza chachitali, cha Mont Kigali, sichidakwane makilomita 6. Ntchito yaikulu idagwiridwa ndi tizitunda tiwiri ta m'tauni, ka pabwalo la gofu ndi ka miyala yoyala ka Kimihurura, tomwe adatizungulira maulendo 15, kuphatikiza khoma lotchuka la Kwa Mutwe lomwe adalikwera kamodzi. Tadej Pogačar wa ku Slovenia adapambana atayenda yekha makilomita oposa 60 omaliza, Remco Evenepoel wa ku Belgium n'kubwera wachiwiri. Mwa akatswiri 165 omwe adayamba, omwe adamaliza ndi 30 okha.