JOHN STUART MILL: MNGELEZI AMENE ANAMENYERA UFULU WA MUNTHU

M'caka ca 1867, phungu wina anaimirira m'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain napempha kuti akazi nawonso aloledwe kuponya voti. Aphungu 73 anabvomereza, koma 196 anakana. Phunguyo anali John Stuart Mill, katswiri wa nzeru za kayendetsedwe ka boma ndi cuma.

Mill anabadwira mu London mu 1806. Sanapite kusukulu, popeza atate wace, James Mill, anamphunzitsa okha panyumba. Anayamba Cigriki ali ndi zaka 3, ndipo Cilatini ali ndi zaka 8. Koma mabuku anamlanda ubwana wace. Pofika zaka 20 anagwidwa ndi cisoni cacikulu, mwakuti sanaonenso cokoma m'moyo, kufikira ndakatulo za William Wordsworth zinatsitsimula mtima wace.

M'buku lace la Principles of Political Economy, la mu 1848, ndi m'makope ace otsatira, anaphunzitsa kuti mlimi amalimbika ngati munda uli wacewace. Anayamikiranso makoparetivi, mmene anchito amasonkha cuma, nasankha okha atsogoleri ndi kugawana phindu.

Buku lace lochuka koposa, On Liberty, linatuluka mu 1859, mkazi wace Harriet, amene anamthandiza kulikonza, atamwalira. Mfundo yace ndi iyi: boma kapena gulu lisakakamize munthu wamkulu pokhapokha pamene zocita zace zibvulaza ena. Wakumwa mowa angalangizidwe cabe, koma akamwera ndalama zonse ana ace nagona ndi njala, pamenepo pali mlandu. Anatinso munthu wa maganizo osiyana ndi anzace asatsekedwe pakamwa, cifukwa mwina coonadi cili ndi iyeyo.

Komabe Mill anali ndi banga lace. Anagwira nchito zaka 35 m'kampani ya East India Company imene inali kulamulira India, ndipo analemba kuti mitundu imene iye anaiyesa yotsalira siinayenere ufulu umenewu. Apa anasokera, pakuti ufulu susankha khungu kapena mtundu.

Mill anamwalira mu 1873 ku Avignon, m'dziko la France, asanaone zipatso za pempho lace. Akazi a ku Britain anapatsidwa voti mofanana ndi amuna mu 1928, patapita zaka 61 kucokera pa tsiku lija aphungu anamkana.