Msonkhano wa Kusukulu Usasanduke Bwalo la Milandu

Kalata idafika Lachiwiri masana, itapindidwa kanayi m'thumba la kabudula wa yunifolomu. A hedi adalemba kuti kholo la mnyamata wa m'Sitandade 5 lifike kusukulu Lachinayi nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndipo likapanda kufika mwanayo asadzapondenso m'kalasi. Mnyamatayo amakhala ndi agogo ake akazi, mayi wachikulire amene timapemphera nawo mpingo umodzi. Poti sukulu sadapite nayo patali, adatipempha awiri mwa ife a dipatimenti ya zaumoyo mu mpingo kuti tiwaperekeze.

Msonkhanowo udatenga maola awiri ndi theka. Mu ofesi mudadzaza anthu 11: a hedi ndi achiwiri awo, aphunzitsi anayi, wapampando wa komiti ya sukulu, bambo wa mwana amene adamenyedwa, agogo ndi ife awiri. Mnyamatayo adamuimika pakhomo, manja kumbuyo. Aliyense adayankhula, ena kawiri. Wina adakumbutsa za zenera limene lidasweka chaka chatha. Wina adati bambo ake a mwanayo nawonso adali otero. Mawu amene adabwerezedwa kwambiri adali akuti, "Mwanayu ndi wosamva."

Agogo atafunsidwa ngati ali ndi mawu, adangoti, "Pepani aphunzitsi, ndikamulangiza." Mwanayo adapatsidwa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, nauzidwa kuti asinthe. Padalibe amene adalemba kalikonse. Pobwerera agogo adayenda njira yonse akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Pasadathe masabata awiri, mnyamatayo adamenyanso mnzake, ndipo nkhani yoti achotsedwe sukulu idayamba kumveka.

Aphunzitsi aja sadali anthu oipa. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, makalasi athu akhala odzaza. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'kalasi la mnyamatayu mudali ana opitirira 100. Chikwapu ndi choletsedwa m'sukulu. Mphunzitsi wotopa akapeza mpata wa msonkhano amakhuthula zonse za kukhosi, nthawi n'kutha osagwirizana chochita.

Pamafunika wogwira chiwongolero

Mmodzi wa akulu a mpingo wathu, mphunzitsi wopuma pa ntchito, adatifotokozera zimene adawerenga za masukulu a ku America. Kumeneko masukulu ambiri amatsata njira yotchedwa PBIS, yophunzitsa ndi kulimbikitsa khalidwe labwino m'malo modikira kuti mwana alakwe. Amasankha munthu mmodzi woti azithandiza aphunzitsi pa nkhani za khalidwe, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuyendetsa misonkhano ya kagulu ka aphunzitsi ndi makolo. Iye saweruza ndipo sapereka chilango. Amaonetsetsa kuti anthu akukamba nkhani imodzi, akukamba zimene adaona ndi maso, ndipo sabalalika asadagawane ntchito.

Kwathu kuno udindo wotere palibe, koma ntchitoyo ikhoza kugwiridwa ndi mphunzitsi amene anzake amamulemekeza, membala wa komiti ya sukulu, mayi wa Mother Group, kapena munthu wa kumpingo ngati a hedi avomereza. Tidapita kwa a hedi mwaulemu kukapempha msonkhano wachiwiri, ndi kuti mkulu wa mpingo uja autsogolere, ife tikhale alembi. Adavomera, ngakhale adatiuza poyera kuti sakuyembekezera zachilendo.

Ntchito imayamba msonkhano usadafike

Choyamba tidapempha aphunzitsi awiri amene amalowa m'kalasimo kuti kwa masiku 10 a sukulu azilemba m'kope nthawi iliyonse pakachitika vuto: tsiku, nthawi, malo, chimene chidachitika vutolo lisadayambe, ndi chimene chidatsatira. Mzere umodzi pa chochitika chilichonse udali wokwanira.

Chachiwiri tidachepetsa anthu. Tidaitana a hedi, aphunzitsi awiri aja, agogo, ndi amalume ake a mwanayo, poti kwathu nkhani ya mwana siyenda popanda mwini mbumba. Bambo wa mwana womenyedwa adali ndi dandaulo lomveka, choncho a hedi adakumana nawo paokha tsiku lina. Wodandaula ndi wodandaulidwa akakhala m'chipinda chimodzi, msonkhano umasanduka mlandu. Mateyu 18 amatiphunzitsa zomwezi: cholakwa chimayamba kukambidwa ndi anthu ochepa, ndipo cholinga chake ndi kumubweza wolakwayo.

Chachitatu tidasankha nthawi yoyenera onse. Lachisanu masana tidalipewa chifukwa ife timakhala tikukonzekera Sabata, ndipo mmodzi wa aphunzitsiwo ndi Msilamu amene amapita kumzikiti. Tidagwirizana Lachitatu ana akaweruka, kwa mphindi 45 basi. Dzulo lake tidapita kwa agogo kukawauza amene adzakhalepo ndi mafunso amene adzafunsidwe, kuti asadzafike ndi mantha. Mipando tidaiika mozungulira pansi pa mtengo, a hedi n'kuchoka kuseri kwa tebulo lawo.

Nenani zimene mwaona

Titapemphera, wotsogolera adanena cholinga m'mawu ochepa: kupeza chimene chingathandize mwanayu kukhala m'kalasi popanda kuvulaza anzake. Adapempha kuti zakale zisakumbidwe, munthu aziyankhula mmodzi, ndipo zokambidwa pamenepo zithere pomwepo. Mmodzi wa ife adagwira kope, wina wotchi.

Kenaka adafunsa aliyense kuti atchule chinthu chimodzi chabwino pa mnyamatayo. Padakhala chete pang'ono. Mphunzitsi wa masamu adati mwanayo amakhoza masamu akalembedwa pa bolodi. Amalume adati ndi amene amakonza njinga ya pakhomo. Agogo adadzutsa nkhope koyamba.

Mphunzitsi wina atayamba kuti, "Koma mwanayu ndi wamwano," wotsogolera adawadula mofatsa: "Zikomo aphunzitsi. Tithandizeni, adachita chiyani chimene mudaona, ndipo idali nthawi yanji?" Funso limeneli adalifunsa kangapo tsiku limenelo. Mawu monga wamwano, waulesi kapena wosamva satiuza chochita mawa m'mawa. Koma tikamva kuti mwana adakankha mnzake Lolemba nthawi ya Chingerezi, tili ndi poyambira.

Makope atatsegulidwa, tidapeza zochitika 7 m'masiku 10. Zisanu zidachitika m'kalasi, pa nthawi imene mphunzitsi amawerenga mokweza kapena kufunsa mafunso pakamwa. Mnyamatayo amakhala kumbuyo kwenikweni chifukwa ndi wamtali. Akaitanidwa samayankha, kapena amayankha zosiyana ndi funso, anzake n'kumuseka, iye n'kumenya amene ali pafupi. Akatulutsidwa panja amakhala phee mpaka belu. Pa masamu padalibe vuto ngakhale limodzi.

Apa tidaphunzira kuti khalidwe lobwerezabwereza limakhala ndi phindu lake kwa mwana. Mwina limamupezetsa chimene akufuna, mwina limamuthawitsa ku chimene chikumuvuta. Kwa mnyamatayu, kutulutsidwa m'kalasi kudali kupumula ku manyazi. Chilango chimene aphunzitsi amapereka ndicho chimene iye amafuna.

Musaiwale kufunsa za thupi

Gawo lathu ngati a zaumoyo lidafika pamenepa. Pa msonkhano uliwonse wokhudza khalidwe la mwana pali mafunso amene sayenera kudumphidwa. Kodi amadya chiyani asadapite kusukulu, ndipo ngati pasukulupo pali phala, amalandira? Kodi amagona nthawi yanji? Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo amene amachezera kokaonera kanema pamsika amafika m'kalasi ali wokwiyakwiya. Kodi amaona bwino pa bolodi? Kodi amatulukatuluka kukataya madzi, kapena mkodzo wake uli ndi magazi, chimene chingakhale likodzo? Kodi amangoti duu kwa kamphindi ngati wachoka, monga zimachitikira ndi mtundu wina wa khunyu? Kodi pakhomo pagwa maliro, kapena makolo asiyana? Kodi pali wina amene akumuzunza?

Titafunsa za makutu, agogo adati, "Khutu lakumanzere limatuluka mafinya kuyambira ali wamng'ono. Limasiya, n'kuyambanso. Ndimamuthira mankhwala achikuda." Amalume adawonjezera kuti pakhomo amachita kumukuwira, koma onse amangoti ndi mwano. Mphunzitsi amene adanena kwambiri kuti mwanayu ndi wosamva adagwira pakamwa. Adanena zoona osadziwa.

Khutu likatuluka mafinya kupitirira masabata awiri, mwana ayenera kupita kuchipatala, chifukwa matendawa akakhalitsa amawononga kamvedwe. M'khutu musathiremo mafuta kapena madzi a zitsamba, ndipo musatokosemo ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi. Ife si madokotala, ndipo msonkhano wa kusukulu si malo opimira matenda. Ntchito yathu ndi kufunsa ndi kulozera kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala. Komanso si mwana aliyense wovuta amene ali ndi matenda. Koma kulanga mwana chifukwa cha chinthu chimene thupi lake likulephera ndi kulakwa kumene tingakupewe ndi mafunso a mphindi zisanu.

Ndani, achita chiyani, pofika liti

Mphindi 15 zomaliza zidali zogawana ntchito. Wotsogolera sadalole mawu akuti "tiyesetsa" kapena "tionetsetsa". Mfundo iliyonse idayenera kukhala ndi dzina la munthu ndi tsiku. Tidalemba zisanu.

Mphunzitsi wa kalasi amukhazika mnyamatayo kutsogolo kuyambira mawa lake, chakumbali kuti asatchinge anzake, khutu labwino litaloza kwa mphunzitsi. Aphunzitsi onse awiri aziyankhula atayang'ana ana, osati bolodi, ndipo mafunso ofunika aziwalemba. Amalume apita naye kuchipatala pasadathe sabata. Mnyamatayo aphunzitsidwa chochita m'malo momenya: akapanda kumva akweze dzanja, akasekedwa auze mphunzitsi, ndipo tsiku limene watha popanda ndewu mphunzitsi amuyamikire ndi kusayina m'kope loti agogo akaone. A hedi ayankhula ndi kalasi lonse za kuipa koseka mnzawo.

Mlandu wa kumenya sudangofafanizidwa. Mnyamatayo adaitanidwa kumapeto, adakhala pa mpando ngati wina aliyense, ndipo adauzidwa momveka kuti kumenya n'kolakwa ngakhale munthu akuseke. Adagwirizana zokapepesa kwa mnzake pamaso pa a hedi ndi kumusokera thumba la mabuku limene adang'amba. M'buku lake la Education la mu 1903, Ellen White adaphunzitsa kuti cholinga cha mwambo ndi kuphunzitsa mwana kudzilamulira yekha. Dzenje la zinyalala silidamuphunzitse zimenezo. Kukonza chimene adawononga kudamuyandikizako.

Mlembi adawerenga mfundo zonse mokweza, aliyense adavomera yake, ndipo tidapangana kukumananso pakatha masabata awiri. Msonkhano udatha patatsala mphindi zitatu.

Kukumananso ndiye msonkhano weniweni

Tsiku lobwereza tidayamba ndi kope, osati ndi maganizo a anthu. Mfundo iliyonse idawerengedwa ndipo mwini wake adayankha kuti yachitika kapena ayi. Malo okhala adasinthidwa. Kalasi lidayankhulidwa. Koma amalume adali asadapite kuchipatala, ndipo mphunzitsi mmodzi adavomera kuti kusayina m'kope amaiwala. Wotsogolera sadadzudzule aliyense. Adangofunsa chimene chidalepheretsa. Kwa amalume idali ndalama yoyendera, ndipo amayi a Dorika adasonkha. Kwa mphunzitsi, tidagwirizana kuti mwanayo azibweretsa yekha kope pa nthawi yoweruka.

Zochitika zidatsika kuchoka pa 7 kufika pa 2. Kuchipatala adamupatsa mankhwala odonthezera ndipo mafinya adasiya, koma adanena kuti khutu lakumanzerelo silimva mokwanira, n'kumutumiza ku chipatala chachikulu kuti akapimidwe bwino. Mnyamatayo sadasanduke mngelo. Teremu yomweyo adakankhananso ndi wina pa mpira. Koma sukulu sadachotsedwe, ndipo agogo tsopano amalowa pa geti la sukulu osagwa nkhope.

Kalata ikafika pakhomo panu

Ambiri a ife tidzalandira kalata yotere tsiku lina, ya mwana wathu, mdzukulu kapena mwana wamasiye amene tikulera. Musayambe ndi ndodo, ndipo musathamangire kusukulu kukalalata. Khalani pansi ndi mwanayo, mumve mbali yake. Pitani ndi munthu wina wodekha amene angathe kulemba. Mukafika, funsani mwaulemu kuti vutolo limachitika nthawi yanji, malo ati, ndipo chimayambitsa n'chiyani. Nenani zonse zimene mukudziwa za thanzi la mwana ndi za pakhomo, ngakhale zochititsa manyazi. Musanyamuke musadadziwe chimene inu mukachite, chimene aphunzitsi achite, ndi tsiku lokumananso.

Ndipo ngati muli mu komiti ya sukulu, mu Mother Group, kapena mumatsogolera ana a Pathfinder, dziperekeni kwa a hedi kuti muthandize kuyendetsa misonkhano yotere. Sipafunika satifiketi. Pamafunika kope, wotchi, pakamwa posunga chinsinsi, ndi mtima wofunsa funso limodzi mobwerezabwereza popanda kukwiya. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pasukulu ya kwanuko pali mwana amene akutchedwa wosamva sabata ino, ndipo mwina palibe amene wafunsapo za khutu lake.